Tiyi Wonunkha Utsi

Bambo anga, a Mackson Namakhwa, anagwira ntchito yolawa tiyi pa esiteti ina ku Thyolo kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Anthu ndikawauza zimenezi amaseka, amati kodi kumwa tiyi nakonso ndi ntchito? Koma sikunali kumwa. M'mawa uliwonse ankalowa m'kachipinda koyera ka pafakitale, n'kupeza makapu atandandalika patebulo lalitali. Ankatunga pang'ono ndi supuni, kukokera mkamwa mwaphokoso, kuzunguza, n'kulavulira m'chitini. Zimene lilime lawo lanena n'zimene zinkalembedwa pamatumba. Chifukwa cha ntchitoyo sankasuta fodya, sankadya tsabola, ndipo ife ana tinakula tikudziwa kuti sopo wonunkhira salowa m'nyumba mwathu.

Amayi atamwalira, ine ndinali nditakhala kale ku Rumphi zaka zisanu ndi chimodzi, ndikugwira unamwino pachipatala. Mchimwene wanga ali ku Joni. Bambo anatsala okha m'nyumba ku Thyolo, ndipo aneba anayamba kundiimbira foni kuti mkuluyu sakuphika, akungodya nthochi ndi chinangwa cha dzulo. Ndinapita kukawatenga. Sanakane, komanso sanavomere. Anangolongedza zovala m'sutikesi yawo yachitsulo, n'kukhala pampando wa pawindo m'basi, osatsegula pakamwa mpaka pa Jenda.

Ku Rumphi anakhala ngati mtengo wookedwa nthawi yachilimwe. Chitumbuka sichinkalowa m'makutu mwawo. Odutsa akati, "Monire adada," iwo ankangokweza dzanja. Ankadandaula ndi mphepo yotsika ku Nyika, ankati imawafuna m'mafupa. Tsiku lonse ankakhala pakhonde ndi kawailesi kawo, maso ali kumapiri, koma ndinkadziwa kuti si mapiri amenewo amene ankawaona.

Chimene chinkandidetsa nkhawa kwambiri chinali tiyi. Kale ndikawaphikira sankalephera kunena kanthu. "Madzi sanawire awa, Lettie." Kapena, "Wamupha ndi shuga." Ndili mtsikana zinkandikwiyitsa. Tsopano ankangolandira kapu, kumwa, n'kubweza osanena chilichonse. Tsiku lina ndinachita dala kuphika ndi madzi ofunda chabe. Anamwa yense.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala amayi Anne Msiska, mphunzitsi wopuma, mayi wamasiye, wamkulu wa mpingo. Chichewa amachiyankhula bwino, koma mawu ake amakwera ndi kutsika ngati akuyimba, ndipo akatengeka mtima Chitumbuka chimangolowerera chokha. Mwana wawo Joel ali ku China, akuphunzira zomanga milatho.

Loweruka lina mu Febuluwale, mvula itangokata cha m'ma thili koloko masana, ndinamva odi pageti. Anali amayi Msiska, atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu.

"Sisita, Joel wane wandibweretsera mavuto," anatero asanakhale n'komwe pansi.

Anamasula nsaluyo. Munali chitini chakuda, chokhala ndi zilembo zagolide zimene palibe aliyense wa ife akanaziwerenga. Joel anachitumiza kudzera mwa mnzake amene anabwera kutchuthi cha Khirisimasi.

"Akuti ndi tiyi wapamwamba chomene. Koma tanunkhizani."

Nditatsegula ndinabweza mutu. Linali fungo la nyumba imene yapsa usiku, m'mawa mwake anthu akufukula m'phulusa. M'katimo munali timibulu takuda, tolimba, tonyezimira pang'ono, tofanana ndi njere za papaya zouma.

"Josi lokhalokha. Utsi!" anatero amayi Msiska. "Ndinaphika pa Khirisimasi, ndathira mkaka, ndathira shuga. Mchimwene wanga Hezron wa ku Bolero atalawa anati, 'Mlongo, lero mwatiphikira fodya wa chikopa?' Alendo onse anasiya m'makapu. Tsono Joel akaimba foni amafunsa, 'Amama, tiyi uja mukumwa?' Ine ndimati, 'Enya, wabwino.' Mkulu wa mpingo kunama Sabata lililonse! Kutaya ndikulephera, ndi mphatso ya mwana. Ndiye ndinamva kuti adada anu ankagwira ntchito ya tiyi. Andiuze chabe ngati waonongeka, mtima wanga ukhale pansi."

Ndinkafuna kuwauza kuti bambo masiku ano sakonda kuvutitsidwa. Koma fungo linali litafika kale kumapeto kwa khonde. Ndinamva wailesi ikuzimitsidwa.

"Tabweretsa kuno," anatero bambo.

Anachilandira ndi manja awiri. Sanalowetse mphuno m'chitinimo ngati mmene ndinachitira ine. Anakhuthulira timibulu tochepa pachikhatho, n'kutiuzira mpweya wa mkamwa, n'kufumbata, kenako n'kununkhiza.

"Kufakitale kwathu, tiyi wonunkha chonchi ankachotsetsa munthu ntchito," anatero.

"Ndiye waonongeka?" anafunsa amayi Msiska.

"Sindinatero, mayi. Tiyi saweruzidwa ali wouma. Lettie, pita ukatsegule sutikesi yanga. Pansi penipeni pali juzi yobiriwira. Uinyamule bwino."

Juziyo inali ya malemu amayi anga. M'kati mwake munali kapu yoyera yokhala ndi chivundikiro ndi timano m'mphepete, kambale kakuya, ndi supuni yaikulu yasiliva imene chigwiriro chake chinaperepeseka ndi zala. Zinthuzi ndinali nditaziona komaliza ndili ku sekondale. Sindinkadziwa kuti anabwera nazo.

Kuyambira pamenepo anayamba kulamula ngati ali pafakitale. Madzi a pampopi anawakana, anati akununkha mankhwala. Anandituma kukatunga a mvula m'diramu la kuseri, ndiwasefe pansalu yoyera. Ketulo anati nditsuke kawiri popanda sopo. Makala a pambaula anati ayambe ayaka mpaka afiire, kuti utsi wathu usasokoneze utsi wa eni ake. Tebulo tinalikokera kumene kunali kuwala. Amayi Msiska ankangoyang'ana, manja ali pamiyendo.

Podikira madzi, bambo anayala timibulu tija pasosala yoyera n'kumatitembenuza ndi chala.

"Taonani mmene anapotera. Tsamba lililonse palokha, lathunthu, losadula. Tiyi amene mumagula kugolosale uja makina amachita kumudula n'kumuphwanya kuti atuluke msanga m'madzi. Ine ndikuyamba ntchito tinali tidakali ndi makina opota masamba, akuluakulu, ozungulira ngati mphero. Anadzawachotsa. Koma ngakhale amenewo sankapota molimba chonchi. Awa ndi anthu oleza mtima."

Madzi atangowira anathira supuni imodzi yosadzaza ya timibulu tija m'kapu, n'kuthira madzi mpaka pakamwa, n'kuvundikira. Anavula wotchi n'kuiika patebulo.

"Mphindi zisanu ndi imodzi. Pasakhale woyankhula."

Amayi Msiska, amene anakhalitsa ana chete kwa zaka makumi anayi, anatseka pakamwa ngati mwana wa sitandade wani. Tinkangomva madzi akudontha kudenga ndi minibasi ikuitanira anthu a ku Mzuzu kumsika. Nthawi itakwana, bambo anagwira chivundikiro ndi chala, n'kupendeketsa kapu pamwamba pa kambale. Tiyi anatuluka kudzera m'timano tija, wofiira moderako, woyera bwino wopanda zinyalala. Kenako anatembenuza kapu kuti masamba atsalire pachivundikiro. Timibulu tija tinali titamasuka, tsamba lililonse lotalika ngati chala cha mwana.

Ananunkhiza masambawo ali otentha. Anadikira pang'ono, n'kutunga tiyi ndi supuni, n'kukokera mkamwa: fyuuu!

Amayi Msiska anadzidzimuka. "Adada! Mwana womwa choncho pasukulu ndinkamutulutsa panja."

"Mpweya uyenera kulowa limodzi, mayi, kuti afike paliponse mkamwa," anatero bambo, atatha kuzunguza. Ndinali nditawaikira chitini chakale pansi choti alavuliremo. Sanachigwiritse ntchito.

"Bambo, mwameza," ndinatero.

Anatunganso kachiwiri.

"Tiyi wanu sanaonongeke, mayi. Utsi ulipo wa mitundu iwiri. Pali wolowa mwakuba, pali woitanidwa. Wolowa mwakuba umakanda pakhosi, ndipo ukameza umasiya kuwawa ngati wanyambita mphika. Uwu anachita kuuitana. Anayanika masamba pamwamba pa moto mwadala, ndipo nkhuni zake ndi za paini, ndikumva utomoni wake. Inu munalakwitsa pothira mkaka. Tengani supuni. Musathamangire kumeza. Utsi ubwera poyamba, muusiye udutse, mudikire chimene chili kumbuyo kwake."

Amayi Msiska anayesa kukoka ngati mmene anachitira bambo, n'kutsamwa, n'kuseka mpaka misozi. Anayesanso mwaulemu wawo. Anatseka maso.

"Yayi, josi basi... Dikirani." Anakweza chala. "Enya! Chilipo. Chotsekemera."

"Ngati chiyani?"

"Ngati mbatata yootcha paphulusa. Pakhungu pomwe papsa paja, ukasenda."

"Mukanabadwira ku Thyolo tikanakulembani ntchito," anatero bambo.

Nanenso ndinalawa. Poyamba ndinangomva moto wa nkhuni zaziwisi, kenako pang'onopang'ono kunabwera kutsekemera kofatsa, kosafanana ndi kwa shuga, ndipo kunakhalitsa pakhosi nditameza kale. Bambo anathiranso madzi pamasamba omwewo. Ulendo wachiwiriwu utsi unali utachepa ndipo kutsekemera kunabwera patsogolo. Tinagawana m'makapu atatu. Bambo anafumbata yawo ndi manja onse awiri, akuyang'ana nthunzi.

"Tiyi wautsi ndinamumwapo chaka chimodzi chokha moyo wanga wonse," anatero. "Osati kulawa. Kumwa. Munali mu 1984."

Anapitiriza okha.

"Ndinali ndi zaka ziwiri zokha m'chipinda cholawira. Inali nthawi ya dzinja ngati ino, masamba ochuluka, fakitale yosapuma. M'mawa wina ndalawa kapu yoyamba, utsi. Yachiwiri, utsi. Mpaka makapu asanu ndi awiri. Ndinali mnyamata wonyada ndi lilime langa. Ndinathamanga kwa bwana, ndikuona ngati ndatola chinthu chamtengo. Atakafufuza anapeza kuti paipi ya kung'anjo yowumitsira tiyi yang'ambika, utsi wa bulugama ukulowa m'masamba. Tiyi wa masiku awiri anatayika. Bwana anafuna munthu woti amusenzetse mlandu, ndipo anapeza wosonkha moto kung'anjoko. Dzina lake Raphael. Anamuchotsa tsiku lomwelo.

"Tiyi uja anakamutaya kuseri kwa fakitale kuti aole. Koma anthu a kumalayini, kunyumba za antchito, anakamuwola m'matumba. Lamulungu ndinavala jekete n'kupita kumalayini kuti ndikapepese. Raphael sindinamupeze, anali atapita kukafuna ntchito. Panatuluka mlongo wake, atamanga mpango wachikasu. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Akuti, 'Ndinu a lilime aja?'

"Ndinavomera. Anandiyalira mphasa. Analowa m'khitchini, n'kubwera ndi kapu yachitsulo yodzaza, yopanda shuga. Akuti, 'Imwani. Si mwati ndi woipa? Ifetu ndi yemweyu mpaka chaka chithe.' Anaima pomwepo, manja m'chiuno, kuti aone ngati ndilavule."

"Munamwa?" anafunsa amayi Msiska.

"Yense. Anali woipadi, mayi, wokanda ngati chitedze. Nditamaliza ndinapereka kapu n'kunena kuti, 'Muliponso wina?' Anayesetsa kuti asaseke, koma zinamukanika. Lamulungu lotsatira ndinapitanso kukapepesa. Linzake ndinapitanso. Thumba lija linatha mu Sepitembala. Mu Novembala ankhoswe anakumana."

Ndinaika kapu yanga pansi. "Bambo, Raphael wake uti? Amalume a ku Luchenza?"

"Omwewo."

"Ndiye wa mpango wachikasuyo..."

"Isabella. Amayi ako."

Ine ndinakula ndikudziwa kuti makolo anga anakumana kukwaya. Ndinawauza zimenezo. Bambo anamwetulira koyamba chibwerereni ku Rumphi.

"Kukwaya ndinalowa pambuyo pake, pomutsatira. Mawu anga unawamvapo iwe? Amayi ako sankafuna kuti ana adziwe kuti bambo awo anachotsetsa ntchito amalume awo. Ankati nkhani imeneyo ndi ya akuluakulu."

Ndinayamba kukumbukira zinthu zimene ndili mwana sindinkazimvetsa. Amalume a Raphael ndi kalipentala. Bedi la makolo anga, tebulo lathu lodyera, ngakhale kampando kanga ka kusukulu ya mkaka, zonse anakhoma ndi iwo. Koma akabwera kwathu, iwo ndi bambo ankapatsana moni wautali waulemu, "Alamu, alamu," kenako aliyense n'kumayang'ana kwake mpaka amayi atabwera kudzakhala pakati pawo. Pamaliro a amayi anagwirana chanza basi.

"Munayamba mwakambiranapo za nkhaniyi?" ndinafunsa.

"Zaka makumi anayi, ayi. Amayi ako ndiwo ankatiyankhulira."

Amayi Msiska anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kukankhira chitini chija kwa bambo. "Tengani, adada. Kwa ine chikanangokhala pa kabati."

"Ayi, mayi. Mwana anatumizira inu. Ndiponso tiyi wotere samwa munthu mmodzi. Chisungeni, mutseke bwino, chisayandikane ndi sopo kapena usipa. Ine ndizibwera kudzakuphikirani, kuti Joel akafunsa muziyankha zoona."

"Lachitatu ndimakhala ndilibe zochita za kumpingo," anatero amayi Msiska. "Koma pakhomo panga salowa munthu wosadziwa moni. Ndikati 'Muli uli,' muziti 'Nili makola.' Tayesani."

Bambo anayesa. Zinatuluka zokhota, ndipo mphunzitsiyo anawabwerezetsa katatu.

Kuyambira sabata imeneyo, Lachitatu lililonse masana bambo ankavala jekete, kukulunga kapu ndi supuni m'kansalu, n'kuzungulira mpanda. Ndikaweruka kuntchito ndinkawamva akuseka kuseriko. Tsiku lina a Hezron anabwera pa pikapu kuchokera ku Bolero, ndipo anakangana ndi bambo mpaka dzuwa kupendeka za nkhuni zimene zimatulutsa utsi wabwino. A Hezron anachoka akunenabe kuti tiyiyo ndi fodya, koma anali atamwa makapu awiri. M'nyumba mwathu madandaulo anabwerera. M'mawa wina ndikuthamangira kuntchito ndinamva, "Lettie, masambawa wawasiya nthawi yaitali," ndipo ndinatuluka ndikumwetulira ndekha.

Mu Ogasiti ndinatenga tchuthi. Bambo anandiuza kuti akufuna kukaona manda a amayi, kenako anawonjezera, ngati chinthu chongokumbukira, kuti tikadzere ku Luchenza. Amayi Msiska anali atawagawira kale tiyi m'kabotolo kotsuka bwino. M'chitini munali mutatsala pang'ono, koma anawapatsa theka.

Tinawapeza amalume a Raphael pansi pa shedi yawo yamalata, akupala thabwa. Anali atakalamba kuposa mmene ndinkawakumbukirira, diso limodzi litachita ng'ala. Anandikumbatira ine, kenako anatembenukira kwa bambo.

"Alamu."

"Alamu."

Moni unayenda monga mwa nthawi zonse: za ulendo, za kuzizira kwa kumpoto, za mchimwene wanga ku Joni. Kenako kunagwa bata lija ndinkalidziwa. Nthawi ino panalibe amayi oti adzakhale pakati. Bambo anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa kabotolo, n'kutsegula, n'kupereka kwa amalume.

Amalume ananunkhiza. Anakweza mutu n'kuwayang'ana bambo ndi diso lawo labwinolo. Ananunkhizanso.

"Alamu, mwayenda ulendo wonsewu kuti mudzandichotsenso ntchito?"

Bambo anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Ndinapita kukawiritsa madzi kuti ndiwapatse mpata, ngakhale kuti khitchini inali pafupi ndipo ndinkamva zonse.

"Uyu ndi wa ku China," bambo ankafotokoza. "Amachita kumufukiza dala. Akuti ndi wapamwamba."

"Dala?"

"Dala."

"Ndiye kuti ine ndinabadwira dziko lolakwika," anatero amalume. "Kumeneko bwenzi ndili bwana."

Nditabweretsa ketulo, bambo anaphika monga mwa mwambo wawo, pathabwa lomwe amalume ankapala lija. Podikira, amalume anayamba kutola tizipalo ta matabwa pa buluku lawo, kamodzikamodzi.

"Paipi ija ndinanena katatu kwa kapitawo," anatero, osakweza mutu. "Katatu. Ankati tidzakonza masamba akachepa."

"Ndikudziwa," anatero bambo. "Ndinamva patapita mwezi. Ndikanatha kupita kwa bwana kukanena. Sindinapite. Ndinaopa. Chimenechi ndicho ndabwerera, alamu. Kulawa ndinalawa zoona, pamenepo sindipepesa. Koma kukhala chete kuja ndinalakwa."

Amalume anataya tizipalo tija pansi. Panja pankadutsa njinga zonyamula nthochi.

"Ndinakwiya zaka zambiri," anatero. "Ana anga awiri oyamba anabadwa ndilibe ntchito yeniyeni. Ukalipentalawu ndinauphunzira ndi njala. Ndinkati tsiku lina munthu ameneyu adzanena yekha. Isabella ankati, 'Achimwene, mulekeni, pakamwa pake anapatha ndi tiyi.' Ndiye ndinadikira." Anapumira m'mwamba. "Mwachedwa, alamu. Mkwiyo wake unatha kalekale, sindikudziwanso kumene ndinauika. Thirani tiyiyo."

Bambo anathira. Amalume anamwa pang'ono, n'kugwedeza mutu, n'kundituma shuga. Anathira masupuni atatu odzaza, n'kutakasa mwamphamvu. Ndinaona nkhope ya bambo ikukwinyika, milomo ikugwedera, koma anadzigwira.

"Wanga uja anali wamphamvu kuposa uyu," anatero amalume atamwa theka.

"Wanu uja anali woipa, alamu."

"Nanga bwanji munkabwera Lamulungu lililonse?"

Madzulo ake tinapita tonse atatu kumanda. Amalume anaona kuti mtanda wamatabwa wayamba kudyedwa ndi chiswe, ndipo anati akhoma wina wa mlombwa. Bambo anati athandiza kupala. Amalume anawayang'ana m'manja n'kunena kuti manja ogwira supuni sangathe, koma akhoza kugwirizira thabwa.

Tchuthi changa chinali cha masiku khumi. Tsiku lobwerera litafika, bambo anati nditsogole, mtanda sunathe kupakidwa vanishi. Ndinakwera minibasi ya ku Limbe ndekha, ndikuwasiya awiriwo pansi pa shedi akukangana za chaka chimene mlatho wa pa Thuchila unakokoloka. Anabwera ku Rumphi patapita masabata atatu, okha, pa basi, atanyamula thireyi yamlombwa imene amalume anakhomera amayi Msiska, ndi nkhuku yamoyo m'katoni imene mpaka lero sindidziwa kuti anadutsa nayo bwanji pa marodibuloko onse aja.